Mlandu wa Makutu ndi Manambala

Pali milandu ina imene ngakhale mfumu yanzeru chotani singaiweruze anthu n'kubalalika onse atakhutira. Umodzi mwa milandu yotereyi ndi wa kamvekedwe ka nyimbo. Mukakhala pagulu la okonda nyimbo, makamaka ife amene imvi zayamba kutisuzumira, simuchedwa kumva wina akulumbira kuti nyimbo zinkakoma pa kaseti, mnzake n'kumutsutsa kuti palibe choposa CD, pomwe wachinyamata ali phee ndi timawaya m'makutu, kudabwa kuti madalawa akulimbirana chiyani poti nyimbo ndi yomweyo. Mlanduwu si wathu wokha. Unayambira kutali, m'maiko amene makinawa amapangidwa, ndipo wadya ndalama zankhaninkhani. Ine ndine wogwira ntchito m'boma, wogubuduzana ndi mafayilo tsiku lonse, koma ndakhala ndikulondola mbiri ya mlanduwu, ndipo chimene ndaona n'chakuti mboni yaikulu pa mlanduwu, khutu, ndi mboni yosavuta kuinyengerera.

Tisanafike pa za dijito, tiyambe tabwerera ku America m'chaka cha 1915. Thomas Edison, yemwe anatulukira makina ojambula ndi kubweza mawu mu 1877, ankafuna kugulitsa galamafoni yake ya Diamond Disc. Kampani yake inayamba kuitanira anthu m'maholo kudzaona zodabwitsa. Woimba ankaima pambali pa galamafoni n'kumaimba pamodzi ndi chimbale chake chomwe, kenaka n'kutseka pakamwa chimbale chikupitirira. Nthawi zina nyali zinkazimitsidwa, ndipo zikayakanso anthu ankapeza woimba uja wachoka kalekale, galamafoni ikuimba yokha. Zionetserozi zinachitika zikwi zingapo, mpaka mu Carnegie Hall ku New York, ndipo nyuzipepala zinkalemba kuti omvera alephera kusiyanitsa munthu ndi makina. Komatu zimbale zimenezo zinkajambulidwa popanda maikolofoni, woimba akufuulira m'lipenga. Lero mwana wa sitandade 3 akhoza kuzizindikira asanathe kumeza malovu. Mmodzi mwa oimbawo, Anna Case, anadzaulula atakalamba kuti iye ankachita kuphunzira kuimba motsanzira galamafoni. Anthu aja sanali opusa ayi. Anauzidwa chimene adzamve, ndipo anachimvadi.

Nyengo ya dijito inafika m'nyumba za anthu pa 1 Okutobala 1982, pomwe Sony inayamba kugulitsa makina oimbira CD ku Japan, pamodzi ndi zimbale zoyamba monga 52nd Street ya Billy Joel. CD inali mwana wa makampani awiri, Sony ya ku Japan ndi Philips ya ku Netherlands. Kusiyana kwake ndi zakale n'koti pa chimbale cha galamafoni kapena pa tepi, mawu amasiya phazi lake lenileni, kaya ndi mzere wokhotakhota kaya ndi mphamvu ya maginito. Pa CD palibe phazi, pali manambala okhaokha. Makina amayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse amaulemba ngati nambala imodzi mwa manambala 65,536. Izi ndi zimene amazitcha ma bit 16.

Nambala ya 44,100 ili ndi magwero awiri. Loyamba ndi masamu. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira kunjenjemera 20 mpaka pafupifupi 20,000 pa sekondi. Harry Nyquist mu 1928 ndi Claude Shannon mu 1949 anaonetsa kuti ukayeza mawu mopitirira kawiri kunjenjemera kwake kothamanga kwambiri, ukhoza kuwabweza onse osataya kanthu. Kawiri ka 20,000 ndi 40,000, tsono anangowonjezerapo kamalo kopumira. Gwero lachiwiri n'loseketsa. M'zaka zimenezo chida chodalirika chosungira manambala ochuluka chotere chinali tepi ya vidiyo, ndipo manambala atatu pa mzere uliwonse wa chithunzi ankakwana ndendende 44,100, pa kanema wa ku America ngakhalenso wa ku Ulaya. Nambala imene anthu akhala akuikanganira kwa zaka zoposa 40 inachokera ku makina amene sanapangidwire nyimbo n'komwe. Pali nthano inanso yoti kukula kwa CD, masentimita 12, kunasankhidwa kuti simfone yachisanu ndi chinayi ya Beethoven ikwane pa mphindi 74, koma Kees Immink, injiniya wa Philips yemwe analipo pa zokambiranazo, anati nkhani yeniyeni inali mpikisano wa malonda pakati pa makampani awiriwo.

Otsatsa malonda analonjeza mawu angwiro mpaka muyaya. Sipanapite nthawi, ena anayamba kudandaula kuti CD ndi yozizira, youma, yolasa m'makutu ngati lata likung'ambidwa. Madandaulowa anali ndi pogwira. Makampani ambiri, pothamangira kudzaza mashopu, anatenga matepi amene anakonzedwera galamafoni n'kuwasamutsira pa CD momwemo, ndiponso makina oyambirira osandutsa mawu kukhala manambala anali asanakhwime. Koma mlandu unagwera manambala enieniwo. Kunabadwa chikhulupiriro chakuti mawu a dijito ndi oduladula ngati masitepe, pomwe masamu a Shannon amanena poyera kuti chotuluka ku sipika ndi funde losalala. Cha m'ma 1990 kunabukanso mphekesera yoti ukapaka inki yobiriwira m'mphepete mwa CD mawu ake amafewa, ndipo zolembera zake zinagulitsidwadi pa mtengo wokwera kwa anthu ophunzira bwino. Tikamaseka anzathu opita kwa asing'anga tizikumbukira kuti nako ku Ulaya zithumwa zilipo, zimangosiyana mapaketi.

Ineyo ndinakulira pa kaseti, m'zaka zimene nyimbo za ku Balaka zinkamveka m'minibasi iliyonse, ndipo woimba akatulutsa chimbale anthu ankakachifuna kwa O.G. Issa ku Limbe. Tinkabweza tepi ndi bolopeni posunga mabatire. Nditamva CD koyamba, chimene chinandigwira mtima si nyimbo, koma bata la pakati pa nyimbo ziwiri. Kaseti ili ndi kaphokoso kake kosalekeza, ka sii ngati mvula yamawawa, ndipo tinakazolowera mpaka kukaiwala. Pa CD kanasowa, moti chipinda chinakhala ngati wina watulukamo. Ndikhulupirira kuti ambiri amene amati kaseti inali yofunda amasowa kaphokoso kameneka, pamodzi ndi unyamata wawo umene unkamvera nawo.

Pamene okonda CD ndi okonda galamafoni ankalozana zala, ku Erlangen m'dziko la Germany kunali gulu la akatswiri limene linkafunsa funso lina: kodi pa manambala onsewa, ndi angati amene tingataye munthu osazindikira? Mphindi imodzi ya CD imadya malo okwana pafupifupi ma megabyte 10, katundu wolemera kwambiri pa mawaya a telefoni a nthawi imeneyo. Karlheinz Brandenburg ndi anzake a ku Fraunhofer anatsamira pa chofooka cha khutu chimene akatswiri ngati Eberhard Zwicker anali atachifufuza kale. Mukaima pafupi ndi chigayo chikulira, mnzanu akanong'ona simumva. Mawu ake alipo ndithu mumpweya, koma aphimbidwa. Zimenezi zimachitika m'nyimbo iliyonse kambirimbiri pa sekondi: ng'oma ikagunda, tinthu tating'ono toyandikana nayo timabisika. MP3 imawerengera manong'onong'o amene chigayo chawaphimba, n'kuwataya kapena kuwalemba mwachisawawa. Njirayi inavomerezedwa ngati muyeso wa dziko lonse kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo dzina la .mp3 linasankhidwa mu Julayi 1995. CD imathira 1,411 kbps, pomwe MP3 yofala ya masiku amenewo inkathira 128 kbps. Pa magawo 11 a katundu, limodzi lokha ndilo linkafika kwa womvera.

Apa ndiye pamene khutu linaloweradi m'bwalo, chifukwa MP3 sungaiyeze ndi mita. Funso lake ndi lakuti munthu wamva chiyani. Brandenburg anasimbapo kuti njira yake inkayenda bwino mpaka tsiku limene anaiyesa ndi nyimbo ya Suzanne Vega yotchedwa Tom's Diner, imene mayiyu amaimba yekha popanda choimbira chilichonse. Popanda chigayo chobisalirako, zolakwa zonse zinaonekera poyera, mawu n'kumveka okhakhala. Anaimvera nyimboyo mazanamazana akukonza makina ake. Patapita zaka, wophunzira wina wa ku University of Virginia, Ryan Maguire, anatola zokhazo zimene MP3 imataya m'nyimbo imeneyi n'kuzipanga nyimbo payokha. Ndinaimvera. Ndi mpweya, tizidutswa ta mawu ndi kulira kwa chipinda, ngati munthu akuimba kuseri kwa khoma usiku. Zotayidwazo zilipodi. Nkhani ndi yakuti kodi zikanamveka zili pamodzi ndi zinzake.

Njira yokhayo yoyankhira funso limeneli ndiyo kumumanga womvera m'maso. David Clark anafotokoza njira yotchedwa ABX mu 1982: womvera amapatsidwa A, amapatsidwa B, kenaka X, yomwe ndi imodzi mwa ziwirizo, ndipo anene kuti ndi iti. Woyesayo naye asadziwe yankho, kuopa kuti nkhope yake ingaulule. Abwereze kambiri, chifukwa ngakhale woponya kobiri m'mwamba amalondola theka la maulendo. Mu 2000 magazini ya makompyuta ya ku Germany yotchedwa c't inasonkhanitsa owerenga ake odziwa kumvera, n'kuwaika patsogolo pa zida zodula. MP3 ya 128 kbps ankaigwira kawirikawiri, koma ya 256 kbps inasokonezeka ndi CD moti pomaliza ziwirizi zinafanana mapointi. Chondisangalatsa pa mayeso amenewa n'chakuti amene anapambana onse anali mnyamata yemwe khutu lake lina linawonongeka pa ngozi ya kuphulika kwa zinthu. MP3 inapangidwira khutu labwinobwino. Kwa iye chigayo chija sichinkalira mofanana ndi anzake, choncho zimene makina ankaganiza kuti zabisika zinali pambalambanda.

Makampani aakulu anayankha MP3 polowera mbali inayo. Mu 1999 Sony ndi Philips anatulutsa Super Audio CD, ndipo chaka chotsatira kunabwera DVD-Audio, yokhoza kuyeza mawu mpaka maulendo 192,000 pa sekondi ndi ma bit 24. Uthenga wake unali woti CD ija tinakuuzani kuti ndi yangwiro inali yoperewera, gulaninso nyimbo zanu zonse. Olemba m'magazini a zoimbira anatamanda kuti chinsalu chachotsedwa pakati pa woimba ndi womvera. Ogula wamba sanatekeseke. M'zaka zomwezo anali kalikiliki kukopera ma MP3 pa Napster ndi kugula iPod, imene inatuluka mu 2001. Anthu anasankha nyimbo 1,000 m'thumba kusiyana ndi chimbale chimodzi changwiro pa shelefu.

Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran a ku Boston Audio Society anasindikiza zotsatira za mayeso amene anachita kwa chaka chathunthu. Ankaimba zimbale za SACD ndi DVD-Audio, koma nthawi zina mawuwo ankawadutsitsa mobisa m'kabokosi kowatsitsira pa muyeso wa CD. Omvera, kuphatikizapo ogwira ntchito m'masitudiyo, ankayenera kunena ngati kabokosiko kalipo kapena ayi. Pa mayeso 554 analondola 276. Kobiri likanachita chimodzimodzi. Otsutsa anati zina mwa zimbalezo zinachokera ku matepi akale amene analibe mawu apamwambawo chiyambire, ndipo mfundo imeneyi ndi yomveka. Mu 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London anaphatikiza kafukufuku 18, wa anthu oposa 400 ndi mayeso oposa 12,000, n'kupeza kuti omvera analondola maulendo 52.3 pa 100 alionse, ndipo ophunzitsidwa kumvera anafika cha pa 60. Ndiye kuti kusiyana kulipo, koma n'kochepa kwambiri moti munthu amakupeza ndi masamu, osati ndi mtima. Mbali zonse ziwiri zinavina kuti zapambana. Ine ndimangoti, chinthu chimene katswiri wochita kuphunzitsidwa amachiphonya kanayi pa khumi si chinsalu chochotsedwa. Ndiwonjezere kuti munthu wa zaka zanga samvanso bwino mawu opitirira 15,000 kapena 16,000, choncho amene ali ndi ndalama zogulira zida zodulazi kawirikawiri ndi amene makutu awo anayamba kale kupuma pantchito.

Komabe Meyer ndi Moran ananena chinthu china chimene ambiri amachidumpha. Anavomereza kuti zimbale za SACD ndi DVD-Audio zinkamvekadi bwino kuposa ma CD ambiri a m'mashopu, ndipo ubwinowo sunkachoka ngakhale mawu adutse m'kabokosi kaja. Chinsinsi chinali m'manja mwa okonza. Podziwa kuti ogula zimbalezi ndi anthu okhala pansi n'kumvetsera, ankazisiya zipume, pofewa pafewe, pokwera pakwere. Ma CD wamba anali pa nkhondo ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani ankapikisana kuti chimbale chawo chimveke mokweza kuposa cha mnzawo pa wailesi ndi m'galimoto. Poti manambala ali ndi denga losabooleka, njira yokha inali kukweza zofewa zonse ndi kudula mitu ya zokwera, mpaka nyimbo yonse kukhala yofanana ngati khoma. Khutu limakopeka ndi chokweza pa masekondi oyamba, kenaka limatopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinafika poipa mu 2008 pomwe gulu la Metallica linatulutsa chimbale cha Death Magnetic. Otsatira gululi anatulukira kuti nyimbo zomwezo zinkamveka bwino m'masewero a pa kanema a Guitar Hero kusiyana ndi pa CD imene anagula, chifukwa a masewerowo analandira nyimbozo zisanafinyidwe. Anthu zikwizikwi anasaina kalata yopempha kuti chimbalecho chikonzedwenso. CD inalibe mlandu. Mbale inali yomweyo, wophika ndiye anapsereza.

Woimba Neil Young, yemwe wakhala akunyoza mawu a dijito kuyambira kalekale, anayesanso mu 2014 ndi kachida kake ka Pono. Anthu anasonkha ndalama zoposa madola 6 miliyoni pa Kickstarter kuti kapangidwe, koma pofika 2017 nkhani yake inali itatha. Chaka chomwecho a Fraunhofer analeka kutolera ndalama za chilolezo cha MP3. Mu 2021 Apple Music inayamba kupereka nyimbo zosataya kanthu popanda kuwonjezera mtengo, ndipo chinthu chimene chinkagulitsidwa ngati golide chinasanduka kabatani kamene ambiri sadziwa n'komwe kuti kali m'foni mwawo.

Kwathu kuno mlanduwu unafika mwa mtundu wina. SACD sindinaionepo m'shopu iliyonse. Nyengo ya CD inali yaifupi, ndipo ambiri tinachoka pa kaseti n'kugwera pa memory card. M'misika munadzaza tizipinda ta achinyamata okhala ndi kompyuta imodzi, othira nyimbo mazanamazana m'foni pa mtengo wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Oimba analira ndi umbava umenewu, ndipo a COSOMA analimbana nawo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Yanga ndi ya kamvekedwe. Kukopera fayilo ya MP3 kuchoka m'foni kupita m'foni sikuiwononga, ngakhale mutakopera kachikwi, ndipo apa dijito inaposa kaseti kutalitali. Choononga ndi kuifinyanso. Nyimbo ichoke mu situdiyo ili MP3, wina aiike pa vidiyo, vidiyoyo ikwere pa YouTube pomwe ifinyidwanso, wina aitsitse n'kuisandutsa MP3 yaing'ono kuti zambiri zikwane pa khadi. Pa sitepe iliyonse makina amataya zimene akuganiza kuti sizimveka, osadziwa kuti anzawo anataya kale.

Ife a m'maofesi zimenezi timazidziwa bwino. Kalata ikachitidwa fotokope kamodzi imawerengeka. Fotokopeyo ikachitidwanso fotokope, kenaka inanso, chidindo chimasanduka chibanthu chakuda ndipo siginecha imangotsala ngati phazi la nkhuku. Ndagwirapo mafayilo amene kalata yoyambirira inasowa kalekale, n'kutsala mdzukulu wa mdzukulu wake, ndipo nkhani ya penshoni ya munthu n'kuima pa nambala imene palibe akutha kunena ngati ndi 3 kapena 8. M'nyimbo, zoyamba kufufutika ndi zothwanima ndi zogunda mwadzidzidzi. Akatswiri oyesa MP3 ankadziwa kuti kuwomba m'manja ndi zoimbira zogogoda ndi zimene zimavutitsa makinawa koposa. Tsono taganizani za nyimbo zathu: maseche, visekese, badza wa bandi ya kumudzi, manja a amayi pa chimtali. Pa fayilo yofinyidwa katatu zonsezi zimasungunuka n'kumamveka ngati madzi akutuluka pa mpopi wotayikira. Apa sipafunika ABX. Ndi agogo omwe amafunsa kuti wailesi yalowa madzi kodi.

Ndiye ngati mundifunsa kumene manambala aakulu aja ali ndi ntchito, ndikulozerani kosungira zinthu, osati pabalaza. Bungwe la dziko lonse la osunga mawu ndi zithunzi, IASA, limalangiza kuti tepi yakale ikamasamutsidwa ilembedwe ndi ma bit 24, makamaka pa maulendo 96,000 pa sekondi, ndiponso m'fayilo yosataya kanthu ngati WAV. Sikuti munthu adzamva zonsezo. Cholinga n'chakuti amene adzafune kuyeretsa mawuwo zaka 50 zikubwerazi, ndi zida zimene ife sitinazilote, adzapeze zonse zilipo. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula bangwe, kalimba ndi magule pa tepi. Zimene anajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Chifukwa choti zoyambirirazo zinasamalidwa, zatheka kuzisamutsira pa CD ndi pa kompyuta, ndipo mdzukulu wa woimba bangwe uja akhoza kumva chala cha agogo ake chikukhudza waya.

Nyimbo zambiri zimene tinavina pakati pa 2005 ndi 2015 zinajambulidwa pa makompyuta a m'masitudiyo ang'onoang'ono a m'makwalala a Ndirande, Kawale ndi Chibavi. Kompyuta ikadzaza, mwini situdiyo ankafufuta zakale kuti alandire kasitomala watsopano, ndipo ikafa inkafa ndi zonse. Mnzanga wina amene ankaimba kwaya ya achinyamata anafunafuna chimbale chawo cha 2009 kuti akachiimbe pa maliro a mtsogoleri wa kwayayo. Situdiyo inatsekedwa, CD imene anasunga inali itakalikakalika, ndipo pa nyimbo khumi anapeza zinayi zokha pa memory card ya mlamu wake, zonse za 64 kbps. Anaziimba zomwezo pa sipika yobwereka, anamfedwa n'kumathandizira ndi pakamwa pamene maseche anasungunuka.